Zinthu zimene anthu a ku France anatulukira

Zinthu zimene anthu a ku France anatulukira ndi zipangizo, mankhwala, njira zogwirira ntchito ndiponso mfundo za sayansi zimene zinayambira m'dziko la France, kapena zimene nzika za dzikolo zinapeza zili kumayiko ena. Zambiri zinatulukiridwa pakati pa zaka za m'ma 1600 ndi zaka za m'ma 1900. Zodziwika kwambiri ndi miyeso ya mita ndi kilogalamu, katemera wa chiwewe, katemera wa BCG, zilembo za Braille zimene anthu osaona amawerenga, kujambula zithunzi, kanema woonetsa pagulu, chibaluni chouluka ndi anthu, komanso njira yosungira chakudya kuti chisaole. Asayansi a ku France ndi amenenso anayamba kuona kachilombo koyambitsa malungo mu 1880 ndi kachilombo ka HIV mu 1983.

Zambiri mwa zinthuzi sizinabwere mwangozi, ndiponso sizinachokere m'mutu mwa munthu mmodzi. Kawirikawiri pankakhala vuto lenileni, monga vinyo amene akusasa, asilikali amene akusowa chakudya kapena miyeso yosiyanasiyana m'misika. Ndiyeno boma kapena bungwe la asayansi linkaikapo ndalama kuti vutolo lithe. Nthawi zambiri anthu a m'mayiko ena ankafufuzanso zomwezo pa nthawi yomweyo, n'chifukwa chake pali kusagwirizana pa funso lakuti anayamba ndani.

Mabungwe amene anathandiza

Mu 1666, mu ulamuliro wa Mfumu Louis XIV, nduna ya zachuma Jean-Baptiste Colbert inakhazikitsa bungwe la asayansi lotchedwa Académie des sciences mumzinda wa Paris. Mamembala ake ena ankalandira malipiro a boma, ndipo ntchito ina ya bungweli inali kuyesa zipangizo zatsopano kuti lione ngati zikugwiradi ntchito.

Mu 1789 kunayamba kusintha kwakukulu kwa ndale kumene kunagwetsa ulamuliro wa mafumu. Boma latsopano linakhazikitsa lamulo la 1791 lopatsa munthu chiphaso cha umwini pa chimene watulukira, ndipo mu 1794 linatsegula sukulu ya École polytechnique yophunzitsa mainjiniya. Nkhondo zimene zinatsatira zinachititsa kuti katundu wina wochokera kunja asowe, ndipo anthu anayamba kufufuza zolowa m'malo mwake. Chitsanzo ndi pensulo. Mwala wabwino wa graphite unkachokera ku England ndipo unasiya kufika. Mu 1795 Nicolas-Jacques Conté anasakaniza ufa wa graphite ndi dongo n'kuwotcha, ndipo mapensulo amapangidwa motero mpaka lero. Dongo likachuluka pensulo imalimba, likachepa imafewa n'kumalemba modera.

Mabungwe ena akuluakulu anabwera pambuyo pake: Institut Pasteur inakhazikitsidwa mu 1887, ndipo CNRS, bungwe la boma loyang'anira kafukufuku, linayamba mu 1939.

Masamu ndi miyeso

Mu 1637 René Descartes anasonyeza mmene munthu angafotokozere malo a kadontho pogwiritsa ntchito manambala awiri pa mizere iwiri yopingasana. Magirafu amene ophunzira amajambula m'kalasi la masamu anachokera pa mfundo imeneyi. Mu 1642 Blaise Pascal, asanakwanitse zaka 20, anayamba kupanga makina a mawilo a mano ophatikiza ndi kuchotsera manambala. Cholinga chake chinali kupeputsa ntchito ya bambo ake, amene ankayang'anira za msonkho ku Rouen. Mu 1654 Pascal ndi Pierre de Fermat analemberana makalata pa nkhani ya njuga, ndipo m'makalatamo munachokera masamu owerengera mwayi woti chinthu chichitike.

Miyeso ya mita ndi kilogalamu ndi imene yafika kwa anthu ambiri padziko lonse. Chaka cha 1789 chisanafike, chigawo chilichonse cha France chinali ndi miyeso yakeyake. Muyeso wa tirigu wa m'tauni ina sunkafanana ndi wa m'tauni yoyandikana nayo ngakhale dzina linali limodzi, ndipo zimenezi zinkapereka mpata wobera anthu wamba pa malonda ndi pa msonkho. Mu 1791 Académie des sciences inanena kuti muyeso watsopano usachokere pa phazi kapena mkono wa munthu, koma pa kukula kwa dziko lapansi. Mtunda wochokera kunsonga ya kumpoto kwa dziko kukafika pa ikweta unayenera kugawidwa m'magawo 10 miliyoni, ndipo gawo limodzi likhale mita.

Kuyambira mu 1792 mpaka mu 1798, Jean-Baptiste Delambre ndi Pierre Méchain anayeza mtunda wochokera ku Dunkerque kumpoto kwa France kukafika ku Barcelona ku Spain, kuti apeze kutalika kwenikweni kwa mita. Ntchitoyi inachitika mkati mwa nkhondo, ndipo kangapo anthu ankawaganizira kuti ndi akazitape. Mu 1799 panasulidwa ndodo ya chitsulo cha platinum yotalika mita imodzi, ndi chitsulo china cholemera kilogalamu imodzi, komwe kunali kulemera kwa lita imodzi ya madzi. Pambuyo pake zinadziwika kuti ndodoyo inaperewera pafupifupi mamilimita 0.2, koma kutalika kwake sikunasinthidwe.

Anthu wamba a ku France sanafulumire kusiya miyeso yakale, mpaka boma linalamula kuti kuyambira mu 1840 aliyense azigwiritsa ntchito yatsopanoyo. Pa 20 Meyi 1875 mayiko 17 anasaina pangano la mita ku Paris, ndipo ofesi yoyang'anira miyeso padziko lonse ili ku Sèvres mpaka lero.

Zaumoyo

Ntchito za madokotala oyambirira

M'zaka za m'ma 1500 asilikali owomberedwa ndi mfuti ankathiridwa mafuta owira pachilonda. Tsiku lina dokotala wa asilikali Ambroise Paré anasowa mafutawo, ndipo anapaka mankhwala ozizira osakaniza ndi dzira. Anaona kuti amene sanawotchedwe anapeza bwino msanga, ndipo anasiya njira yakaleyo.

Mu 1816 René Laennec, dokotala wa pachipatala cha Necker ku Paris, anapinda pepala ngati chubu, mbali imodzi n'kuika pachifuwa cha wodwala ina pakhutu lake. Anamva kugunda kwa mtima momveka bwino kuposa poika khutu pachifuwa. Kenako anasema chubu cha mtengo chimene anachitcha stethoscope. Chipangizo chokhala ndi mapaipi awiri chimene madokotala amakoleka m'khosi masiku ano chinakonzedwa ndi anthu ena pambuyo pake.

Louis Pasteur

Louis Pasteur (1822–1895) sanali dokotala koma katswiri wa kemisitiri. Anayamba kufufuza tizilombo tosaoneka ndi maso chifukwa cha madandaulo a anthu ofulula mowa ndi vinyo. Pa nthawiyo ambiri ankakhulupirira kuti tizilombo timangomera tokha m'chakudya chimene chikuola. Pasteur anawiritsa msuzi m'mabotolo a khosi lalitali lopindika. Mpweya unkalowa, koma fumbi linkatsakamira pokhota khosilo, ndipo msuziwo sunawonongeke. Atathyola khosi la botolo, msuziwo unayamba kuola. Apa zinaoneka kuti tizilombo timachokera kunja, ndipo titha kutsekeredwa kapena kuphedwa.

Mu 1865 Pasteur anatenga chiphaso cha njira yotenthetsa vinyo pang'ono, madigiri a pakati pa 50 ndi 60, kuti tizilombo tife koma kukoma kusasinthe. Njirayi inayamba kugwiritsidwa ntchito pa mkaka pambuyo pake. Masiku ano mkaka wambiri wogulitsa m'masitolo umatenthetsedwa kufika madigiri 72 kwa masekondi 15.

Pasteur anapezanso kuti tizilombo tofooketsedwa timaphunzitsa thupi kulimbana ndi matenda. Mfundoyi anaikulitsa kuchokera pa ntchito ya Edward Jenner wa ku England, amene anayamba kutemera nthomba mu 1796. Mu Meyi 1881, pafamu ina ku Pouilly-le-Fort, Pasteur anayesa katemera wa matenda a anthrax pa nkhosa anthu akuonerera. Nkhosa zosatemeredwa zinafa, pamene pafupifupi zonse zotemeredwa zinapulumuka.

Pa 6 Julayi 1885 anamubweretsera Joseph Meister, mnyamata wa zaka 9 wa ku Alsace amene analumidwa kwambiri ndi galu wachiwewe. Katemera amene Pasteur ndi mnzake Émile Roux ankakonza, wochokera mu fupa la msana la akalulu, anali atayesedwa kwambiri pa agalu. Popeza Pasteur analibe chilolezo cha udokotala, jakisoni ankabaya ndi dokotala Jacques-Joseph Grancher. Mnyamatayo analandira jakisoni 13 ndipo sanadwale chiwewe. Mbiri itamveka, anthu olumidwa ndi agalu anayamba kubwera ku Paris kuchokera m'mayiko akutali, ndipo ndalama zimene anthu anasonkha ndi zimene zinamangira Institut Pasteur.

Malungo

Anthu a ku South America ndi amene anadziwitsa azungu khungwa la mtengo wa cinchona, limene linkachiza malungo. Vuto linali lakuti mphamvu ya khungwalo inkasiyana mtengo ndi mtengo. Mu 1820 Pierre-Joseph Pelletier ndi Joseph-Bienaimé Caventou anapatula kwinini m'khungwalo, ndipo madokotala anayamba kupereka mlingo wodziwika. David Livingstone ankayenda ndi kwinini pa ulendo wake wa mumtsinje wa Zambezi ndi Shire, umene unamufikitsa ku Nyanja ya Malawi mu 1859.

Chimene chimayambitsa malungo sichinkadziwika, ndipo ambiri ankati ndi mpweya woipa wa m'madambo. Pa 6 Novembala 1880 Alphonse Laveran, dokotala wa asilikali ku Constantine m'dziko la Algeria, anaona kachilombo kakuyenda m'magazi a wodwala poyang'ana pa maikulosikopu. Asayansi ambiri anamukayikira kwa zaka zingapo. Mu 1897 Ronald Ross wa ku Britain anapeza kachilomboka m'mimba mwa udzudzu ku India. Laveran analandira Mphoto ya Nobel mu 1907.

Katemera wa BCG

Zilembo za BCG zikuimira Bacille Calmette-Guérin. Albert Calmette anali dokotala ndipo Camille Guérin anali dokotala wa ziweto. Kuyambira mu 1908, ku Lille, iwo ankaweta kachilombo ka TB ya ng'ombe pa mbatata yosakaniza ndi ndulu, n'kumakasamutsa milungu ingapo iliyonse. Patatha zaka 13, atakasamutsa maulendo oposa 200, kachilomboko kanafooka moti sikankadwalitsanso nyama. Mwana woyamba analandira katemerayu ku Paris mu 1921.

Mu 1930 ana oposa 70 anamwalira ku Lübeck m'dziko la Germany atalandira BCG. Kafukufuku anasonyeza kuti katemerayo anasakanikirana ndi kachilombo koopsa m'labotale ya komweko, ndipo Calmette ndi Guérin anapezeka opanda mlandu. Ngakhale zinali choncho, mayiko ena anachedwa kumuvomereza.

BCG amateteza ana aang'ono ku mitundu yoopsa ya TB, monga yogwira ubongo, koma sateteza mokwanira akuluakulu ku TB ya m'mapapo. Ku Malawi ndi ku Zambia amaperekedwa mwana akangobadwa, ndipo amasiya kachipsera pamkono. Kafukufuku wamkulu amene anachitika m'boma la Karonga kuyambira mu 1986, wokhudza anthu oposa 120,000, anapeza kuti kubwereza BCG kumawonjezera chitetezo ku khate koma osati ku TB ya m'mapapo.

HIV

Mu 1983 Françoise Barré-Sinoussi ndi Luc Montagnier a ku Institut Pasteur anapeza kachilombo katsopano m'mwanabere wa wodwala wina, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu Meyi chaka chomwecho. Mu 1984 gulu la Robert Gallo ku United States linapereka umboni wamphamvu wakuti kachilomboka ndi kamene kamayambitsa Edzi. Kudziwika kwa kachilomboka kunatsegula njira yoyezera magazi, imene inayamba mu 1985. Barré-Sinoussi ndi Montagnier analandira Mphoto ya Nobel mu 2008.

Chakudya ndi ulimi

Mu 1679 Denis Papin, ali ku London, anapanga mphika wotsekedwa zolimba umene unkafewetsa ngakhale mafupa ndi mphamvu ya nthunzi. Anauikira kachitseko kotulutsa nthunzi ikachuluka kuti usaphulike. Mapoto ophikira ndi nthunzi a masiku ano anachokera pamenepo.

Nicolas Appert, amene anali wophika ndi wopanga maswiti, anatha zaka zambiri akuyesa kuika nyama, ndiwo zamasamba ndi mkaka m'mabotolo, kutseka kwambiri n'kuwiritsa m'madzi. Chakudyacho chinkakhala miyezi osawonongeka. Mu 1810 boma linamupatsa mafranc 12,000 kuti afotokoze njira yake m'buku. Appert sankadziwa chifukwa chenicheni chimene njirayi inkagwirira ntchito, chifukwa Pasteur anali asanabadwe. Chaka chomwecho Peter Durand anatenga chiphaso ku England chogwiritsa ntchito zitini m'malo mwa mabotolo.

Majarini anapangidwa mu 1869 ndi Hippolyte Mège-Mouriès, pamene Napoleon III ankafuna cholowa m'malo mwa batala chotsika mtengo. Poyamba ankapangidwa ndi mafuta a ng'ombe, osati a mbewu ngati lero. Mu 1885 Alexis Millardet analengeza mankhwala opopera mphesa osakaniza mchere wa mkuwa ndi laimu, otchedwa Bordeaux. Alimi akugwiritsabe ntchito mankhwala a mkuwa poteteza tomato, mbatata ndi khofi ku chiwawu ndi matenda ena a masamba.

Zilembo za Braille

Louis Braille anabadwa pa 4 Januwale 1809 m'mudzi wa Coupvray. Ali ndi zaka zitatu anadzibaya m'diso ndi chida chosongoka cha bambo ake, amene ankasoka zikopa. Matenda anafalikira ku diso linalo ndipo anasiya kuona. Ali ndi zaka 10 anapita ku sukulu ya ana osaona ku Paris, imene inayambitsidwa ndi Valentin Haüy. Mabuku a pasukulupo anali ndi zilembo wamba zikuluzikulu zotukuka. Anali olemera, ochedwetsa powerenga, ndipo ophunzira sankatha kulemba okha.

Ophunzirawo anaonetsedwa njira ya Charles Barbier yolemba ndi timadontho 12 totukuka. Braille anaona kuti timadontho 12 sitikwana pansi pa nsonga ya chala chimodzi. Anatichepetsa kukhala 6, m'mizere iwiri ya timadontho titatutitatu, ndipo timadontho timeneti tingasanjidwe m'njira 63. Anamaliza ntchitoyi cha mu 1824 ali ndi zaka 15, ndipo anaisindikiza mu 1829. Ophunzira anailandira msanga, koma akuluakulu a sukulu anaivomereza mwalamulo mu 1854, patatha zaka ziwiri Braille atamwalira ndi TB.

Lero zilembozi zimalembedwa m'zilankhulo zambiri, kuphatikizapo Chichewa. Ku Malawi, aphunzitsi a ana osaona amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Pa 4 Januwale chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira zilembo za Braille padziko lonse.

Zithunzi, kanema ndi mauthenga

Chithunzi chakale kwambiri chojambulidwa ndi kamera chimene chilipobe mpaka pano anajambula ndi Nicéphore Niépce mu 1826 kapena 1827, pawindo la nyumba yake ku Saint-Loup-de-Varennes. Anapaka phula lapadera pa chitsulo n'kuchisiya m'kamera kwa maola ambiri. Pamene panawomba kuwala phulalo linauma, ndipo pena ponse linatsukika. Niépce anamwalira mu 1833, ndipo mnzake Louis Daguerre anapeza njira yotenga mphindi zochepa. Boma la France linagula njirayo, ndipo pa 19 Ogasiti 1839 linaiulula kuti anthu aigwiritse ntchito.

Pa 28 Disembala 1895 abale awiri, Auguste ndi Louis Lumière, anaonetsa mafilimu 10 aafupi m'chipinda cha Grand Café ku Paris, anthu atalipira pakhomo. Makina awo ankajambula komanso kuonetsa zithunzi pachinsalu. Makina a Thomas Edison amene analipo kale ankalola munthu mmodzi yekha kusuzumira pakabowo.

Pa nkhani ya mauthenga, Claude Chappe anamanga nsanja zokhala ndi mikono yamatabwa pamwamba pa zitunda, kuchokera ku Paris kukafika ku Lille, mu 1794. Munthu wa pansanja iliyonse ankaona chizindikiro cha mnzake ndi galasi loonera kutali n'kuchibwereza, moti uthenga unkafika msanga kuposa wokwera hatchi. M'zaka za m'ma 1970 Louis Pouzin anatsogolera ntchito yolumikiza makompyuta yotchedwa CYCLADES, ndipo mfundo zake zinathandiza amene anakonza intaneti. Mu 1974 Roland Moreno anatenga chiphaso cha khadi yokhala ndi kachipangizo kosunga chidziwitso, imene ndi kholo la makadi a kubanki ndi a SIM. Kuyambira mu 1982 mpaka mu 2012 dziko la France linali ndi Minitel, kakompyuta kolumikizidwa ku foni ya m'nyumba kamene anthu ankafufuzira manambala ndi kugula matikiti.

Kemisitiri, magetsi ndi zakuthambo

Antoine Lavoisier anasonyeza kuti chinthu chikamayaka chimaphatikizana ndi mpweya umene iye anautcha okosijeni, ndiponso kuti zinthu zikasintha kulemera kwa zonse pamodzi sikusintha. Buku lake la 1789 limatengedwa ngati chiyambi cha kemisitiri yamakono. Mkazi wake Marie-Anne Paulze ankajambula zipangizo ndi kumasulira mabuku a Chingerezi. Lavoisier anaphedwa pa 8 Meyi 1794 chifukwa anali m'gulu lotolera misonkho ya mfumu.

Mu 1785 Charles-Augustin de Coulomb anayeza mphamvu imene zinthu zokhala ndi magetsi zimakokerana kapena kukankhana, ndipo mu 1820 André-Marie Ampère anafotokoza mgwirizano wa magetsi ndi maginito. Mu 1839 Edmond Becquerel, ali ndi zaka 19, anaona kuti kuwala kungatulutse magetsi, ndipo mfundo imeneyi ndi imene masola amayendera. Gaston Planté anapanga batire lotha kutchajidwa mu 1859, la mtundu wa mabatire a galimoto, pamene batire la Georges Leclanché la mu 1866 ndilo kholo la mabatire a tochi ndi wailesi.

Mu 1896 Henri Becquerel, mwana wa Edmond, anapeza kuti yureniyamu imatulutsa cheza chosaoneka. Marie ndi Pierre Curie anapitiriza kafukufukuyu ndipo mu 1898 anapeza polonium ndi radium. Atatuwa anagawana Mphoto ya Nobel mu 1903, ndipo Marie analandira ina mu 1911. Ntchito yawo inathandiza kuyambitsa njira yowotcha khansa ndi cheza. Marie Curie anamwalira mu 1934 ndi matenda a magazi amene ambiri amati anadza chifukwa cha chezacho.

Mu 1846 Urbain Le Verrier anawerengera pa pepala malo a pulaneti limene palibe anali atalizindikira, potengera kusokonekera kwa njira ya Uranus. Pa 23 Sepitembala Johann Galle wa ku Berlin analoza makina ake pamalopo n'kupeza Neptune. Mu 1851 Léon Foucault anapachika chitsulo cha makilogalamu 28 pa waya wa mamita 67 m'nyumba ya Panthéon. Pamene chinkalendewera uku ndi uku, mzere wake unkasuntha pang'onopang'ono, ndipo anthu anaona ndi maso kuti dziko limazungulira.

Maulendo, mafakitale ndi zomanga

Joseph ndi Étienne Montgolfier, amene anali opanga mapepala, anaulutsa chibaluni cha mpweya wotentha ku Annonay pa 4 Juni 1783. Mu Sepitembala anakweza nkhosa, bakha ndi tambala ku Versailles, ndipo zonse zinatera zamoyo. Pa 21 Novembala Pilâtre de Rozier ndi François d'Arlandes anauluka pamwamba pa Paris kwa mphindi pafupifupi 25, ndipo anali anthu oyamba kuuluka popanda chingwe chomangirira pansi. Mu 1797 André-Jacques Garnerin anatsika kuchokera m'chibaluni ndi parachuti. Pa 25 Julayi 1909 Louis Blériot anawoloka nyanja ya pakati pa France ndi England pa ndege.

Pamtunda, Nicolas-Joseph Cugnot anapanga ngolo yoyenda ndi nthunzi mu 1769 yoti izikoka mizinga. Njinga yopalasa ndi mapedulo inayamba ku Paris m'zaka za m'ma 1860, ndipo mayina amene amatchulidwa ndi Pierre Michaux ndi Pierre Lallement. Mu 1891 abale a Michelin anapanga tayala lopopa lotheka kuchotsa ndi kumata mosavuta. Sitima yapamtunda ya TGV inayamba kuyenda pakati pa Paris ndi Lyon mu 1981, ndipo poyesedwa mu 2007 inathamanga makilomita 574.8 pa ola.

Mu 1804 Joseph-Marie Jacquard anakonza makina oombera nsalu otsogoleredwa ndi makadi obowola, ndipo maganizo amenewa analowa m'makompyuta oyambirira. Barthélemy Thimonnier, amene anali telala, anatenga chiphaso cha makina osokera mu 1830. Chaka chotsatira matelala anzake anaphwanya makina ake ku Paris poopa kuti ntchito iwathera. Joseph Monier, wosamalira maluwa, anaika mawaya m'miphika ya simenti kuti isasweke, ndipo chiphaso chake cha 1867 chinathandiza kufalitsa konkire ya zitsulo mkati.

Funso lakuti anayamba ndani

Mndandanda wa zinthu zotulukiridwa ndi dziko limodzi umasiyana malinga ndi amene akulemba. Okosijeni anayamba kumupatula ndi Carl Scheele wa ku Sweden ndi Joseph Priestley wa ku England, ndipo Lavoisier ndi amene anafotokoza ntchito yake. Henry Fox Talbot wa ku England anali ndi njira yakeyake yojambulira zithunzi mu 1839. Njira yosungunulira aluminiyamu ndi magetsi inapezedwa mu 1886 ndi Paul Héroult ku France komanso Charles Hall ku United States, aliyense payekha. Mkangano wa HIV unafika m'khoti, ndipo unatha mu 1987 pamene Ronald Reagan ndi Jacques Chirac analengeza kuti mayiko awiriwo azigawana ndalama za chiphaso choyezera magazi.

Palinso funso lakuti munthu wa ku France ndi ndani. Marie Curie anabadwira ku Warsaw m'dziko la Poland. Alexandre Yersin, amene anapeza kachilombo ka mliri wa makoswe ku Hong Kong mu 1894, anabadwira ku Switzerland. Zina zinapezedwa m'mayiko amene France inkalamulira, monga Algeria.

Nkhani ya Edmond Albius ikusonyeza mmene ena anaiwalidwira. Iye anali kapolo pachilumba cha Réunion. Mu 1841, ali ndi zaka 12, anapeza njira yachangu yobereketsa vanila ndi manja, pogwiritsa ntchito kamtengo kowonda ndi chala chachikulu. Vanila anachokera ku Mexico, ndipo kumayiko ena ankachita maluwa osabala zipatso. Katswiri wina wa zomera, Jean Michel Claude Richard, ananena kuti njirayo ndi yake, koma Ferréol Bellier-Beaumont, amene Albius anali kapolo wake, anachitira umboni kuti mnyamatayo ndi amene anaitulukira. Albius anamasulidwa mu 1848 ndipo anamwalira ali mmphawi mu 1880. Alimi a ku Madagascar ndi kwina akugwiritsabe ntchito njira yake.

Amayi nawonso anachedwa kulemekezedwa. Mayina 72 a asayansi ndi mainjiniya amene analembedwa pa nsanja ya Eiffel pomangidwa mu 1889 onse anali a amuna. Académie des sciences inakana kusankha Marie Curie mu 1911, ndipo mayi woyamba kukhala membala wathunthu anali Yvonne Choquet-Bruhat mu 1979. Mu 2020 Emmanuelle Charpentier anagawana Mphoto ya Nobel ndi Jennifer Doudna wa ku United States chifukwa cha CRISPR-Cas9, njira yodula ndi kusintha majini imene anaifotokoza mu 2012.